Galimoto za ku Italy ndi Mkuwa Wathu

Ana inu, ku Maranello m'dziko la Italy kuli nyumba yosungiramo galimoto za mpikisano za Ferrari, imene inatsegulidwa mu 1990. Alendo amachokera kutali kukaziona. Komatu galimoto ya ku Italy imene inatumikira Zambia sinali yaliwiro ayi. Ian Smith atapandukira Britain ku Rhodesia mu 1965, mafuta anasowa kuno. Kuyambira mu 1966 malole a Fiat ankanyamula mkuwa wathu kupita nawo ku Dar es Salaam, nabwerako ndi mafuta, pa msewu wamatope ndi maenje wotchedwa Hell Run. Madalaivala ambiri anafera m'njiramo. Mpumulo unadza mu 1968, paipi ya mafuta itafika ku Ndola. Kafunseni agogo anu ku Luangwa ngati anawaona malolewo.