Nyumba ya Ana ya ku San Lorenzo ndi Phunziro Lake kwa Makolo

Pa 6 Janeiro 1907, tsiku la cikondwerero ca Epifania, m'dera la anthu osauka locedwa San Lorenzo mumzinda wa Roma ku Itália munatsegulidwa cipinda cimodzi ca ana. Dzina lake linali Casa dei Bambini, ndiye kuti Nyumba ya Ana. Eni nyumba zogonamo anthu a m'deralo anali atatopa ndi tiana tosiyidwa tokha makolo akapita ku nchito, timene tinkalemba m'makoma ndi kuononga makwerero. Iwo ankangofuna wina woti atisonkhanitse pamodzi. Anapempha mayi wina dotolo, Maria Montessori, ndipo iye anavomera kulandira ana pafupifupi 50, a zaka zoyambira 3 mpaka 6.

Montessori anabadwa m'caka ca 1870, ndipo mu 1896 anatsiriza maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Roma, nthawi imene akazi ocita maphunziro otere anali owerengeka. Nchito yake yoyamba inam'fikitsa kwa ana ovutika kuphunzira amene ankatsekeredwa m'cipatala ca odwala misala. Anawaona akutola nyenyeswa za mkate pansi atatha kudya. Owayang'anira ankati ndi umbombo, koma iye anazindikira kuti m'cipindamo munalibe kanthu kena kalikonse koti anawo agwire. Njala yawo inali ya manja. Atawerenga zolemba za madotolo awiri a ku França, Itard ndi Séguin, anapanga zipangizo zoti mwana azikhudza, kuzisanja ndi kuziyerekeza. Ena mwa ana aja anakhoza mayeso a boma pamodzi ndi ana a m'sukulu wamba. Anthu anazizwa, koma iye anafunsa funso lina: ngati awa afika pamenepa, kodi sukulu zathu zikuwacita ciani ana athanzi?

Yankho analipeza ku San Lorenzo, pokhala cete ndi kupenyerera. Tsiku lina anaona kamtsikana ka zaka pafupifupi 3 kakulowetsa timitengo tobulungira m'maenje a thabwa, kamtengo kalikonse m'dzenje lake, n'kutitulutsanso. Kanabwereza koposa ka 40, osasokonezeka ngakhale anzake atayamba kuimba. Tsiku linanso mphunzitsi anacedwa ataiwala kukhoma kabati, ndipo anapeza ana atasankha okha zipangizo. Kucokera apo Montessori anaika zinthu pa timashelefu tating'ono kuti mwana azitenga yekha ndi kubwezera yekha. Mipando ndi matebulo zinapangidwa molingana ndi msinkhu wa ana. Iwo ankasesa, kusamba m'manja, kumanga mabatani ndi kugawira anzawo cakudya. Zidole zodula zimene anapatsidwa anazisiya pambali. Mphotho ndi zilango anazicotsa, pakuti mwana wotanganidwa ndi nchito yake sankazisowa.

Pophunzitsa zilembo, anadula malemba pa pepala lokhakhala limene amisiri amasalazira matabwa. Mwana ankatsata cilembo ndi zala zake uku akumva liwu lake. Caka cisanathe, ana a zaka 4 ndi 5, ambiri a makolo osadziwa kuwerenga, anayamba kulemba mawu ndi coko pansi ndi pa bolodi. Mu 1909 Montessori anasindikiza buku lofotokoza njira yakeyi, ndipo inafalikira m'maiko ambiri.

Montessori anali Mkatolika, ndipo m'masiku omwewo Mpingo unkatembenukiranso kwa ana: mu 1910 Papa Pio X analola kuti ana azilandira Ukalistia woyamba ali ndi zaka pafupifupi 7. Ku Barcelona, Montessori ndi anzake anakonza malo opempherera a msinkhu wa ana. Atamwalira mu 1952, nchitoyi inapitirizidwa ndi amayi awiri a ku Roma, Sofia Cavalletti, katswiri wa Malembo Oyera ndi Cihebri, ndi Gianna Gobbi, mphunzitsi wa njira ya Montessori. Mu 1954 anayambitsa Katekisimu wa Mbusa Wabwino. M'cipinda cawo, cimene anacicha atrium, munali guwa laling'ono, kacikho, ndi nkhosa zosema pamodzi ndi khola lake. Akatekisita akawerenga fanizo la m'mutu 10 wa Uthenga wa Yohane, mwana amayendetsa nkhosazo pambuyo pa mbusa. Samuuza kuti nkhosazo ndani. Amadikira, kaya masabata angati, mpaka mwanayo azindikire yekha kuti nayenso amaitanidwa ndi dzina lake. Cimene wapeza yekha saciiwala msanga.

Inu makolo, mbiri iyi ikutikhudza. Ambiri timati mwana waphunzira pokhapokha atakhala duu n'kubwereza mawu a wamkulu, ndipo akaumba ng'ombe za dothi timati akutaya nthawi. Komatu Nyumba ya Ana inayamba pakati pa amphawi, ndipo cuma cake ceniceni cinali wamkulu wodziwa kukonza malo ndi kuugwira mtima. Mcenga wa pabwalo ungalembedwe zilembo ndi cala. Njere za cimanga ndi nyemba zingasanjidwe ndi kuwerengedwa. Katsace kakang'ono ndi kamtsuko kolingana ndi mphamvu za mwana ndi zipangizo zokwanira, kaya pakhomo, ku escolinha kapena pansi pa mtengo wa katekisimu. Covuta ndi cimodzi: kusam'landa mwana nchito pamene akucedwa nayo kapena wataya madzi. Tikam'landa, nchitoyo imatha msanga, koma iye amaphunzira kuti manja ake ndi osadalirika. Tikam'patsa nthawi, adzabwereza mpaka akhoze, monga kanacitira kamtsikana ka timitengo kaja.