Dzina Limodzi pa Pepala: Mbiri ya Minda ya Fodya ku Kasungu

M'zidikha za fodya za ku Kasungu muli milandu ya malo imene inabzalidwa ndi chikhulupiriro cha pachibale.

Lamulo la malo la 1965 linapatsa Nduna mphamvu yobwereketsa malo a makolo kwa munthu mmodzi, mfumu ikavomereza. Masiku amenewo fodya wa bale ankaloledwa pa esiteti pokha, ndipo mwini esiteti ankagulitsa yekha ku okushoni, pamene mlimi wa m'mudzi ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC pa mtengo wotsika. Nchifukwa chake maesiteti m'Malaŵi anachuluka kuchokera pa 1,200 mu 1979 kufika pafupifupi 14,000 mu 1989, ndipo ambiri anali ku Kasungu.

Mabanja ena anaphatikiza minda yawo kuti ikwane esiteti. Popeza pepala linkafuna dzina, ankasankha wachibale wokhulupirika: mwinimbumba, kapena mwana wodziŵa kulemba. Kwa abale, iyeyo anali msungi chabe. Pamaso pa lamulo, anali mwini. Ena anasunga pangano. Ena anakongolera malowo kubanki, kapena kuwagulitsa, kapena pomwalira kuwasiyira ana awo okha, alongo ndi adzukulu nasanduka alendo pa nthaka ya amayi awo.

Kubweza malo otere kunali kovuta. Bwalo la mfumu linalibe mphamvu yofafaniza chikalata cha Boma. Njira inali ya ku Khoti Lalikulu, limene chiyambire 1902 limatsata mfundo ya malamulo a ku Mangalande yakuti chopatsidwa mwachinyengo, kapena mwa kudyera masuku pamutu munthu wokukhulupirira, chingathe kubwezedwa. Koma khoti limafuna umboni, ndipo pangano la pabwalo linalibe kalata. Ndiponso zaka zobwereka zikatha, kaŵirikaŵiri 21, malowo ankapita m'manja mwa Boma.

Mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale, ndipo chifukwa chobisalira m'dzina la wina chinatha. Mu 1996 Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza za malo, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linalola abale kulembetsa munda pamodzi, ndi kukhazikitsa mabwalo oweruza milandu ya malo kumidzi.

Banja lopereka munda kwa msungi lero lilembe mayina a eni onse ndi a mboni, mfumu ikuona. Wokhulupirika amamwalira, pepala limatsala.