Kabauti ka Pamwamba pa Mlongoti

Ine ndine mwana wa ku Kapata, ndipo nchito yanga ndi kukonza njinga. Kuno ku Chipata madzi aakulu amene tidziwa ndi a damu la Lutembwe, kapena a Luangwa kwa amene anafikako ku Mfuwe. Conco mukandimva ndikamba za combo coyenda ndi mphepo, musaseke msanga. Nanenso ndinali kuganiza kuti za panyanja ndi za anzathu a ku Malawi cabe, mpaka tsiku limene ndinagwada pamcenga ndi sipanala m'manja.

Unali mwezi wa Julaye. Amalume anga, amene agulitsa usipa pamsika, anandipempha kuti ndiwaperekeze kukaoda nsomba. Tinadzera pa Mwami ndi Mchinji, kenaka Lilongwe mpaka Nkhata Bay, kumene tinakwera sitima ya Ilala kupita ku cisumbu ca Likoma. Titagona masiku awiri, tinamva kuti usipa wochipa uli ku Chizumulu, kacisumbu kena kapafupi. Tsiku limenelo njira inali imodzi, combo ca matabwa.

Comboco cinali ndi mlongoti umodzi waufupi, ndiye kuti mtengo woimirira pakati. Nsalu yogwira mphepo, imene amati thanga, inali ya ngodya zitatu, ya zigamba za masaka, yomangirira ku mtengo wina wautali wopingasa. Mtengo wopingasawo amaukweza ndi cingwe codzera pa kagudumu kamene kali pamwamba pa mlongoti, ndipo kagudumuko kamazungulira pa bauti imodzi. Kulemera konse kwa mtengo ndi thanga, pamodzi ndi mphamvu ya mphepo, kumakolekedwa pa bauti imeneyo.

Anyamata atayamba kukoka cingwe, kumwamba kunamveka kuti go! go! Mkulu wa combo, mdala wa imvi, anakweza dzanja nati, "Tsitsani. Sitinyamuka." Anthu anayamba kudandaula, ena akuti dzuwa likupita, ena akuti combo comweco cinayenda bwino dzulo. Amalume anayang'ana thumba lao la ndalama, nkhope ili gwa.

Ndinasendera pafupi. "Bambo, vuto n'ciani?"

"Mwana wanga, uno ndi mwezi wa mwera," anatero. "Mphepo ikakula pakati pa nyanja, thanga liyenera kutsika nthawi yomweyo. Kagudumu kakapendekeka n'kupana cingwe, thanga silitsika. Ukudziwa kusambira iwe?"

Ndinapukusa mutu.

Amuna asanu anazula mlongoti n'kuugoneka pamcenga. Bauti inali itadyeka pakati, ndipo bowo lake linali litakula ngati diso la ng'ombe. Ine, mwa cizolowezi ca pa njinga, ndinati tingomanga nati mwamphamvu. Mdala uja analowetsa nsonga ya mpeni m'bowomo, mtengo n'kumafumbutuka ngati cinangwa coola. Anandifotokozera kuti citsulo cikayamba kugwedera, funde lililonse limacimenyetsa ku mtengo, bowo limakula, madzi amalowa, mtengo umaola ndipo citsulo cimacita dzimbiri. Kumanga nati pa mtengo woola ndi kudzinamiza. Anagoba coola conse, nakhomeramo ciphika ca mtengo wolimba, kenaka anaocha kacitsulo pamoto n'kuboola bowo latsopano. Bauti ina panalibe. Pamenepo ndinakumbukira kuti m'cikwama ndinali ndi ekiselo yatsopano ya kumbuyo kwa njinga, imene ndinagula ku Lilongwe. Inalowa bwinobwino. Tinaika mawasha aakulu uku ndi uku kuti nati isamire mu mtengo, ndipo kumbali iliyonse ndinamanga manati awiri opanana kuti asamasuke. Mdala anaseka nati, "Zoonadi, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

Tili pamadzi ndinamufunsa kumene anaphunzira luso limeneli. Anati kwa atate ake, iwonso kwa atate ao, ndipo mtundu wa combo woterewu unabwera ndi Aswahili. Kenaka anandifunsa kwathu. Nditachula Chipata, anakhala cete pang'ono, nati, "Ndiye abale ako ena anaoloka nyanja ino kale, koma sanabwerere." Mau amenewo ndi amene anandicititsa kufunafuna mabuku nditabwerera kumudzi.

Ca m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdullah anakhazikika ku Nkhotakota, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Iye ndi amene analowa m'malo mwake ankachedwa Jumbe. Mphamvu yao inali mfuti ndi zombo. Bwato la mtengo umodzi silinganyamule katundu wambiri kuoloka nyanja yotakata makilomita makumi angapo, koma combo ca thanga, comangidwa monga za ku Zanzibar ndi Kilwa, cinatha. Katundu wake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Njira inali kucokera kuno kumadzulo, ku cigwa ca Luangwa ndi madera ozungulira, kudzera ku Kasungu kwa Mwase, n'kutsikira ku Nkhotakota. Kumeneko anthu ogwidwa ankawapanikiza m'zombo kuolokera ku Losefa, tsidya la kum'mawa limene lero ndi Mozambique, kenaka ulendo wa pansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamcere.

David Livingstone analowa panyanjayi ndi bwato laling'ono pa 2 Seputembala 1861. Atabweranso ku Nkhotakota mu 1863, anapeza amisiri akukhoma combo catsopano coolotsera akapolo, ndipo anatsata njira yao kulowera cakuno kumadzulo. Iye analemba ciwerengero cimene anamva kwa Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, cakuti caka ciliconse akapolo 19,000 ocokera ku dziko la nyanjayi ankadutsa pa msonkho wa ku Zanzibar. Amene anafera m'njira mulibe m'ciwerengeroco. Masiku amenewo malire a pa Mwami kunalibe. Mcewa, Mnsenga, Mkunda kapena M'bisa akagwidwa pankhondo kapena kugulitsidwa pa mlandu, mapazi ake ankaloza ku nyanja.

Ndikaganiza za combo cimene Livingstone anaciona cikukhomedwa, ndimaona munthu ngati mdala wa ku Likoma uja, wodziwa kumvera phokoso la mlongoti, wosalola kanthu kugwedera. Ankasamala nchito yake kuti katundu wa Jumbe afike tsidya lija, ndipo katunduyo anali ana a anthu. Zimenezi zinandipweteka, cifukwa ndinakula ndikhulupirira kuti luso la manja ndi loyera nthawi zonse.

Zombo za akapolo zinayamba kucepa mphamvu pamene panyanja panabwera sitima za moto. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875. Inabwera zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana anazisenza pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, n'kuzilumikizanso ndi mabauti kumtunda. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe, mu 1893 sitima zankhondo ziwiri, Adventure ndi Pioneer, zinayamba kulondera nyanja, ndipo pasanapite zaka zambiri Jumbe wotsiriza anacotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Koma mphepo ya panyanjayi sinasankhe mtundu. Pa 2 Seputembala 1895, Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, anali paulendo m'bwato la thanga lochedwa Sherriff. Namondwe analigubuduza usiku, ndipo iye ndi mnzake Joseph Williams anamira. Manda a Maples ali ku Nkhotakota, ndipo sitima imene inayamba kuyenda mu 1901 inapatsidwa dzina lake. Mdala uja pokana kunyamuka sanali kucita ulesi. Anthu a kunyanja anawerenga maliro okwanira.

Nayo tauni yathu inadyera ku nyanja yomweyo. Asilikali amene anagonjetsa Angoni a Mpezeni kumayambiriro kwa 1898, n'kupha mwana wake Nsingo, anacokera ku Nyasaland. Boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Panthawiyo kunalibe njanji kapena mseu wa Great East monga tiudziwira lero. Katundu wambiri wa m'masitolo ndi m'maofesi ankadzera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kutsika sitima pa madoko monga Nkhotakota ndi Domira Bay, kenaka pamitu ya amtengatenga mpaka kuno. Njira imene inatulutsa anthu ndi minyanga inayamba kulowetsa nsalu, mcere ndi malamulo a msonkho. Ambuya athu ena anathyoka makosi panjira imeneyo.

M'mabuku amene ndinawerenga muli maina a Jumbe, Livingstone, Johnston ndi Maples. Dzina la amene anasema mlongoti, amene anapota cingwe, kapena amene anamanga mabauti a Ilala padzuwa la ku Shire, sindinalipeze. Komabe popanda anthu amenewa palibe cikanayenda, coipa kapena cabwino. Ife a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika, amene tioccerera mageti, tikonza njinga ndi mahonda, ndife mbumba yao. Tauni ino inali ndi fakitale ya njinga za Eagle, ndipo mpaka lero makala, tomato ndi odwala amafika mutauni pa mawilo amene ife tamanga. Mayi woyembekezera akakwera njinga imene iwe wangoipusitsa ndi waya m'malo mwa nati, moyo wake uli m'manja mwako ngakhale sadzadziwa dzina lako.

Tinafika ku Chizumulu dzuwa litapendeka. Pakati panjira mwera unakuladi, mafunde anayamba kulowa m'combo, amai ena anayamba kupemphera mokweza. Mdala anakuwa kamodzi, anyamata anamasula cingwe, thanga linatsika bwinobwino osakodwa. Palibe amene anayang'ana kumwamba kwa mlongoti kupatula ine ndi iye.

Ndalama ya ekiselo ndinakana. M'malo mwake anandipatsa bauti yodyeka ija, ndipo ndinaikoleka pamsomali pamalo anga a nchito. Kasitomala akandiuza kuti, "Amisiri, ingomangani cabe, ndili pa cangu," ndimamuonetsa bautiyo, kenaka ndimamasula wilo lonse.