Cokoleti, Cinangwa ndi Nzeru za Ana Athu

Mbewu ziwiri zinacokera ku America n'kufika mu Africa pa zombo za Apwitikizi. Imodzi ndi koko, amene amapangira cokoleti. Ina ndi cinangwa, cimene ife a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè timadya tsiku ndi tsiku. Ziwirizi zili ndi mbiri yokhudza ubongo wa munthu.

Koko analimidwa kwambiri pa cilumba ca São Tomé. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 cilumbaci cinali pakati pa maiko otsogola pogulitsa koko, koma ogwira nchito m'minda anali anthu otengedwa mokakamiza ku Angola, kenako ku Cabo Verde ndi kuno ku Mozambique. Nkhanza zake zinamveka mpaka ku England, ndipo mu 1909 kampani ya Cadbury inaleka kugula koko wa kumeneko. Amene anatuluka thukuta si iwo anadya cokoleti.

Mu 2012 dokotala Franz Messerli anasonyeza kuti maiko odya cokoleti kwambiri, monga Switzerland, ndiwonso ali ndi anthu ambiri olandira mphoto ya Nobel. Nkhaniyi inafala ngati moto wa m'cilimwe. Koma maiko amenewo ndi olemera, ali ndi masukulu ndi zipatala zabwino. Mwina cuma ndico cimagula zonse ziwiri, cokoleti ndi maphunziro. N'zoona kuti mu koko muli timadzi tothandiza magazi kuyenda bwino, koma cokoleti ca m'sitolo cimadzaza shuga ndi mafuta.

Mbiri ya cinangwa ndiyo ili pakhomo pathu. Cinangwa cowawa cili ndi poizoni wochedwa cyanide. Mu 1938 dokotala Giovanni Trolli anafotokoza za matenda opuwalitsa miyendo ku Congo, amene lero amachedwa konzo. Mu 1981, caka ca cilala, matendawa anabuka m'cigawo ca Nampula, makamaka ku Memba. Anthu oposa 1,000, ambiri a iwo amai ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Amakua anawacha mantakassa. Ofufuza, pamodzi ndi dokotala Julie Cliff, anapeza gwero lake: njala inakakamiza anthu kudya cinangwa cowawa cosakonzedwa bwino, popanda ndiwo zopatsa mphamvu. Matendawa anabweranso m'zaka za nkhondo. Pambuyo pake ofufuza ku Congo anaona kuti ana ogwidwa ndi konzo amavutikanso kukumbukira ndi kuphunzira. Wopuwala ndi konzo sacira.

Nanga makolo athu a m'mbali mwa nyanja ankadziteteza bwanji? Ankasenda cinangwa, n'kuciviika m'madzi masiku angapo mpaka cifewe, n'kuciyanika padzuwa asanacisinje. Kuviikako kumacotsa poizoni wambiri. Ndipo nsima ya kondowole ankaidya ndi usipa, utaka kapena cambo. Nsomba zili ndi zomanga thupi zimene zimathandiza thupi kusungunula poizoni wotsalayo n'kuutulutsa mu mkodzo. Agogo athu sankadziwa dzina la cyanide, koma ankadziwa kuti cinangwa sacithamangira.

Lero ngozi imabwera pamene mvula yavuta ndipo mai, poona ana akulira njala, avuula cinangwa tsiku limodzi lokha litapita. Imabweranso pamene usipa wonse wa usiku wapita kwa ogula a ku Lichinga kapena kutsidya, ana n'kutsala ndi nsima ya mcere.

Abale anga, cokoleti mwana angadye pa Khrisimasi, palibe colakwa. Koma ngati tifuna kuti akhoze kusukulu, tiviike cinangwa masiku atatu kapena kuposa mpaka cifewe, ndipo pocoka kudooko tisiyeko mbale imodzi ya usipa ya kunyumba tisanawerenge ndalama.