Kungoni: nkhokwe ya luso yomwe adayambitsa wansembe mmodzi

Kungoni Centre of Culture and Art ndi malo osemera, ojambulira ndi osungira zinthu za chikhalidwe omwe ali pa mishoni ya Mua, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Malowa si a boma. Adawayambitsa m'chaka cha 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa Katolika wa chipani cha White Fathers wochokera ku Canada, yemwe adafika m'dziko muno mu 1967 ndipo pambuyo pake adapatsidwa mfunda wa Chisale. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902.

Ntchito yoyamba ya Kungoni idali kuphunzitsa anthu a m'midzi yozungulira kusema ndi kujambula, kuti luso lawo liziwadyetsa. Amisiri omwe adakulira m'manja mwa malowa adasema mitanda, zitseko, maguwa ndi zifanizo za oyera mtima zomwe lero zili m'matchalitchi ambiri m'Malawi muno, koma nkhope ndi zovala zake n'zakwathu. Zina zidawoloka nyanja: mumzinda wa Munich ku Germany muli kachisi wa bungwe la Missio yemwe adakongoletsedwa ndi manja a amisiri a ku Mua.

Chomwe alendo ambiri amapitirako ndi nyumba yosungiramo zinthu za chikhalidwe ya Chamare. Dzinali ndi momwe anthu a m'deralo ankatchulira wansembe wina wakale, Bambo Champmartin. M'nyumbamu akufotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. M'menemo ndimo muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400 zomwe Bambo Boucher adasonkhanitsa pa zaka zambiri, ndipo matanthauzo ake adawalemba m'buku la When Animals Sing and Spirits Dance, lomwe lidatuluka mu 2012.

Ambiri akamva za zigoba amaganiza za zinthu zamakedzana, zomwe zidatha kale ntchito. Kuganiza kotero n'kuphonya. Gule wamkulu sadaleke kuyang'ana zomwe zikuchitika m'mudzi. Azungu ndi amishoni atafika, kudambwe kudatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, yemwe dzina lake lidachokera kutchalitchi. Zilombo zina zidabadwa pofuna kudzudzula uchidakwa, chiwerewere, umbombo wa atsogoleri ndiponso kuchenjeza za Edzi. Wosema chigoba ndi mmisiri wa lero amene akunena za lero, kungoti sasaina dzina lake pa ntchito yakeyo. Bungwe la UNESCO lidalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi mu 2005.

Pali funso lomwe limavuta, ndipo silinathe. Pa mwambo wa Achewa, chilombo chimachokera kumanda, ndipo munthu wosameta sayenera kuona za kudambwe. Chigoba chikapachikidwa pakhoma, popanda ng'oma, nyimbo ndi fumbi la pabwalo, kodi chikadali chomwecho? Komanso n'zoona kuti chigoba cha mtengo, nthenga ndi sanza sichikhalitsa. Chiswe sichidziwa mwambo. Zambiri zomwe zili ku Mua zikadatha kalekale pakadapanda wozisunga.

Nkhani yoti munthu mmodzi asonkhanitse luso la anthu ambiri si ya ku Mua kokha. Jean Pigozzi, mpondamatiki wobadwira ku France, adayamba kugula ntchito za amisiri a mu Africa mu 1989 ataona chionetsero cha Magiciens de la Terre ku Paris, ndipo mu 2019 adapereka 45 mwa ntchitozo ku Museum of Modern Art ku New York. Ku Cape Town, nyumba ya Zeitz MOCAA, yomwe idatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya chimanga padoko, idayamba ndi katundu wa Jochen Zeitz, yemwe adakhalapo mkulu wa kampani ya Puma. Amalawi odziwika kwambiri pa luso la makono nawonso amaonekera kunja: Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre, amasoka zithunzi za silika ku Johannesburg, pomwe chifanizo cha John Chilembwe chopangidwa ndi Samson Kambalu chidaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Kusiyana kwa Kungoni n'kwakuti katundu wake adatsala pakhomo, pamtunda woyenda wapansi kuchokera kumidzi komwe adachokera.

Komabe nkhokwe ya munthu imadzaza ndi zomwe mwini wake adakolola. Bambo Boucher adagwira ntchito pakati pa Achewa, Angoni ndi Ayao, n'chifukwa chake Chamare imakamba za mitundu itatuyi. Si mlandu wawo kuti Malawi ndi wamkulu kuposa pamenepo.

Boma la Chitipa likuonetsa bwino mpata umenewu. Kumeneko kuli Alambya, Andali, Asukwa, Anyiha, Anamwanga ndi mitundu ina, uliwonse ndi chiyankhulo chake. Mtsikana wophunzira pa sekondale ya Kaseye, yomwe nayonso ili pa mishoni ya Katolika, akafuna kulowa m'nyumba yaikulu yosungiramo za mbiri ndi chikhalidwe ayenera kutsikira ku Karonga, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Chitipa. Nyumba ya ku Karonga idatsegulidwa mu 2004, ndipo imatchuka kwambiri ndi mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus.

Luso la ku Chitipa lilipo, ndipo dziko lapansi lidalivomereza kale. Mu 2018 UNESCO idalemba m'kaundula wake gule wa Mwinoghe, wovinidwa ndi Asukwa, Andali ndi Abandya pa nthawi ya chisangalalo. Amuna amandanda mbali ina, akazi mbali ina, moyang'anana, n'kumavina motsogozedwa ndi ng'oma zitatu ndi wenzulo. Ng'omazo, zovala za ovina ndi manja omwe amazipanga zikudikirabe Chamare yawo.