César Milstein: wasayansi amene anatulukira njira yopangira ma antibody m'labotale

Ngati munapitapo kuchipatala thupi litatentha, n'kukubayani pachala ndi kudonthezera magazi pa kachipangizo koyezera malungo, ndiye kuti munapindulapo kale ndi kafukufuku wa César Milstein. Mzere umene umaoneka pa kachipangizoko umatheka chifukwa cha ma antibody opangidwa m'labotale, ndipo njira yowapangira anaitulukira iyeyo pamodzi ndi Georges Köhler mu 1975.

Ma antibody ndi mapuloteni amene maselo ena oyera a m'magazi, otchedwa maselo a B, amapanga thupi likalowedwa ndi kachilombo. Antibody iliyonse imagwira chinthu chimodzi chokha, monga mmene kiyi amatsegulira loko wake yekha. Koma thupi limapanga mitundu yosawerengeka nthawi imodzi, yonse yosakanikirana m'magazi. Asayansi ankalephera kupatula mtundu umodzi n'kuuchulukitsa, popeza maselo a B sachedwa kufa akachotsedwa m'thupi.

Milstein anabadwa mu 1927 ku Bahía Blanca m'dziko la Argentina. Anaphunzira ku yunivesite ya Buenos Aires, kenako ku Cambridge ku England, nabwerera kwawo mu 1961 kukatsogolera kafukufuku ku Instituto Malbrán. Asilikali atachotsa boma mu 1962, anzake ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo iye anatula pansi udindo. Mu 1963 anabwerera ku Cambridge, kumene Fred Sanger anamulangiza kuti ayambe kufufuza za ma antibody. Funso limene linkamusowetsa tulo silinali la mankhwala ayi. Ankafuna kudziwa kuti zimatheka bwanji kuti thupi lipange mitundu yochuluka chonchi ya ma antibody.

Köhler, wa ku Germany, atafika ku labotale yake mu 1974, awiriwa anabaya mbewa ndi maselo ofiira a magazi a nkhosa kuti thupi la mbewayo liyambe kulimbana nawo. Kenako anatenga maselo a B m'kapamba wa mbewayo n'kuwalumikiza ndi maselo a khansa ya myeloma, amene amachulukana osalekeza. Selo latsopanolo linatengera mbali zonse ziwiri: silinkafa msanga, ndipo linkatulutsa antibody ya mtundu umodzi basi. Selo loterolo limatchedwa hybridoma, ndipo zimene limatulutsa ndi ma monoclonal antibody. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu August 1975. Luso limeneli silinalembetsedwe kuti likhale la mwini mmodzi, zimene pambuyo pake zinautsa mkangano ku Britain, ndipo Milstein ankagawira asayansi a m'maiko ena maselo ake. N'chifukwa china chimene njirayi inafalikira mofulumira.

Kachipangizo koyezera malungo kamene kamapezeka m'zipatala zambiri za kuno kali ndi ma antibody ogwira puloteni yotchedwa HRP2, yochokera ku tizilombo ta Plasmodium falciparum. Puloteniyi imatha kutsala m'magazi kwa masabata angapo tizilomboto titafa kale. Choncho ngati mwamwa mankhwala a malungo posachedwapa ndipo mukuyezedwanso, muuzeni wachipatala, chifukwa mzere ukhoza kuoneka pamene chikukudwalitsani ndi china. Kachipangizo koyezera mimba mumkodzo kamagwira ntchito mofananamo, kokha kuti kamafunafuna homoni ya hCG. Makina owerengera maselo a CD4 mwa anthu amene ali ndi HIV amadaliranso ma antibody omwewa.

Kuwasandutsa mankhwala kunatenga nthawi, chifukwa thupi la munthu linkakana ma antibody a mbewa. Gregory Winter, wa m'labotale yomweyo ya ku Cambridge, ndiye anapeza njira yowasinthira kuti afanane ndi a munthu. Lero pali trastuzumab wa mitundu ina ya khansa ya m'mawere, komanso mankhwala awiri a Ebola amene anayesedwa ku Democratic Republic of Congo navomerezedwa ku America mu 2020. Kunena zoona, apa mpamene dera lathu latsalira. Kachipangizo koyezera kanafika mpaka kumidzi, koma mankhwala a mtunduwu ngokwera mtengo, amafuna firiji, ndipo ambiri amaperekedwa kudzera m'diripi, kotero odwala khansa ochuluka sawafikira.

Milstein analandira mphoto ya Nobel mu 1984 limodzi ndi Köhler ndi Niels Jerne. Anapitiriza kufufuza funso lake loyamba lija mpaka pamene anamwalira ku Cambridge mu March 2002, ali ndi zaka 74.