Mau ndi Cithunzi m'Mbiri ya Kanema

M'caka ca 1935, comwe boma la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, azungu aŵiri, Major Notcutt ndi Bwana Latham, anayamba kupanga kanema wa anthu akuda ku Tanganyika, namuonetsa kufikira ku Migodi ndi ku Nyasaland. Mau ace, ena a m'Cinyanja, anali pa mbale za galamafoni, ndipo zithunzi zinali pa filimu payokha. Tsono singano ikalumpha, kapena filimu ikaduka nilumikizidwa mopereŵera, mau ndi cithunzi zinasiyana njira kufikira mbale itatha.

Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948, linayesa nzeru yina. Kanema wace woyamba anali wosalankhula, ndipo womasulira anaima pambali pa galimoto nafotokoza nkhani pa cokuzira mau. Iye akacedwa, anthu anaona mbala itagwidwa kale pomwe iye akali kusimba za kuthaŵa kwace.

Cimene cinacepetsa bvutoli ndico kujambula mau m'mphepete mwa filimu yomweyo. Makina aonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ciri conse ciima pang'ono pa galasi, koma mau afunika kuyenda kosaima. Cotero pa filimu ya 16 mm mau aikidwa patsogolo ndi zithunzi 26. Woonetsa akakoloŵeka filimu molakwa, milomo ndi mau zisiyananso. Ojambula naonso aomba timatabwa tiŵiri asanayambe, kuti wolumikiza apeze cithunzi cimene timatabwato tikumana, nacilinganize ndi phokoso lace.

Nanga woonera adziŵa bwanji kuti zasiyana? Mau ayenda mamita monga 340 pa sekondi, cifukwa cace munthu woona mai akusinja patali aona munsi utagwa mu mtondo asanamve kugunda kwace. Khutu linazoloŵera mau ocedwa, koma mau otsogola ndi acilendo. Mu 1998 bungwe la maiko la ITU linalemba kuti, sekondi itagaŵidwa 1,000, anthu azindikira mau otsogola ndi magawo 45 okha, koma ocedwa awazindikira pa magawo 125. Poyesa, apenye milomo pa mau monga "bambo" kapena "mbumba", pakuti pamenepo milomo itsekeka poyera.

Pakati pa 2015 ndi 2017 wailesi ya kanema m'mizinda ya m'mbali mwa njanji inasinthira ku njira ya dijito. M'njira imeneyi makina atenga nthaŵi yaitali kukonza cithunzi kuposa mau, kotero kuti akapanda kucerwa bwino mau ndiwo atsogola. Zikatero woŵerenga nkhani amveka asanatsegule pakamwa, ndipo ngakhale mwana aona kuti cina calakwika.